Njira Yopanda Galimoto Ili ndi Eni Ake

Alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu, amakhala ku Chinyonga ndipo amagwira ntchito yowerengera ndalama pa kampani ina ku Limbe. Ndi munthu wa pampando, amene amapita kuntchito pa minibasi, kukhala tsiku lonse pakompyuta, n'kubwereranso pa minibasi madzulo. Atapitirira zaka 50 anayamba kudandaula mutu ndi chizungulire, ndipo kuchipatala anawapeza ndi BP. Adokotala anawapatsa mapilitsi n'kuwauza kuti achepetse mchere, koma anatsindikanso kuti thupi lizituluka thukuta, mphindi zosachepera 150 pa sabata monga limalangizira bungwe la WHO. Kuthamanga anakana chifukwa cha mawondo, choncho anasankha njinga yakapalasa.

Anagula yakaunjika, ya magiya, ya matayala okhuthala. Anagulanso chipewa choteteza mutu, magalasi akuda ndi kachikwama kakumsana koikamo madzi, kokhala ndi kapaipi koyamwira munthu akupalasa.

Wokhala ku Chinyonga akatulutsa njinga pageti sapita patali asanakumane ndi msewu waukulu. Mbali ina kuli Masauko Chipembere Highway, wochokera ku Blantyre kudzera pa Ginnery Corner, Chichiri ndi Maselema mpaka ku Limbe, ndipo mbali ina kuli Kenyatta Drive. Misewu imeneyi anaimanga akuganizira galimoto. Wanjinga amapalasa m'mphepete momwe phula linanyenyeka, kumanzere kuli ngalande, kumanja kuli minibasi. Minibasiyo ikaona munthu wakweza chala imaima pomwepo, kondakitala atatsegula kale chitseko. Palinso njinga zamoto za kabaza, zomwe zachuluka zaka zapitazi ndipo zimalowa paliponse pamene zaona mpata. Madzulo ena, chakufupi ndi Maselema, minibasi inawadula kutsogolo alamu, iwo n'kugwera m'mbali. Ananyuka chigongono, anadzuka, anakankha njinga mpaka kunyumba, ndipo analumbira kuti sadzapalasanso pamsewu wa phula wa m'tauni.

Mantha amenewa anali ndi chifukwa. Lipoti la WHO la 2015 linaika Malawi pa nambala yachitatu padziko lonse pa imfa za pamsewu poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu: anthu 35 pa 100,000 alionse pachaka. Ambiri mwa omwalirawo anali oyenda pansi ndi apanjinga. Choncho pothawa galimoto alamu anaganiza bwino. Anaphonya poganiza kuti zoopsa zonse zathera pagalimoto.

Usiku ankatsegula Google Maps pafoni n'kumayang'ana timizere topyapyala tochoka pamisewu ikuluikulu kulowa m'midzi. Maso awo anakopeka ndi mbali ya Chiradzulu, kupitirira pomwe msewu wa Midima umapatukira ku Nguludi. Anaona kanjira kozungulira, kodutsa kamtsinje, kokatulukiranso paphula, n'kukakonda. Sanafunse munthu aliyense za kanjirako.

Linali Loweruka la mu Epulo 2023, patangotha mwezi chichokereni namondwe wa Freddy. Aliyense mu Blantyre anali akadali ndi chisoni cha matope amene anatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja, ndipo ku Chiradzulu komweko mudzi wa Ntauchira unali utakokoloka. Alamu ankazidziwa zonsezi, anasonkha nawo zovala kutchalitchi. Koma sanaganize kuti madzi amene anagwetsa nyumba anasinthanso njira, pomwe mapu a pafoni anali akuonetsabe dziko la kale.

Ananyamuka kusanache. Achemwali atafunsa ali m'tulo kuti akupita kuti, anangoti, “Ndikukawongola miyendo, ndibwera musanapange tiyi.” Anadutsa mu Limbe msika usanadzuke, analowa msewu wa Midima, ndipo dzuwa likutuluka anasiya phula.

Iwo eni amanena mpaka lero kuti ola loyambalo linali lokoma kuposa lina lililonse limene anakhalapo panjinga. Mame anali akadali pa udzu, nandolo ali biriwiri m'minda imene inapulumuka, phiri la Chiradzulu lili apo, Mulanje akuoneka chapatali. Panalibe hutala, panalibe utsi. Anaika timahedifoni m'makutu n'kutsegula nyimbo. Anadutsa amayi osenza ndowa, agogo ali pakhonde, anyamata okankha njinga za makala, osapereka moni kwa aliyense. Mwano alamu alibe. M'tauni anazolowera kudutsa anthu chonchi, ndipo mtima wawo unali pa nambala za pafoni zowauza liwiro ndi makilomita.

Kenaka anafika pamene panali masamba aawisi oyalidwa chopingasa njira.

Palibe Mmalawi amene sadziwa tanthauzo la masamba amenewa. Pamudzi pagwa zovuta. Wagalimoto amachepetsa liwiro, wovala chipewa amavula, wanjinga amatsika n'kuikankha mpaka atapitirira masamba a mbali inayo. Alamu anakulira kumudzi, mwambowu amaudziwa. Koma panali potsetsereka, njinga inali itagwira liwiro, ndipo mumtima anati pano palibe amene akundidziwa. Anaponda masambawo n'kudutsa pakati pa siwa, abambo atakhala pansi pa mtengo mbali ina, amayi akuimba pakhomo mbali ina. Pocheuka anaona anyamata akuwathamangira, akukupiza manja, pakamwa pali yasa. Anadziwa kuti alakwa, anachita mantha, ndipo anapalasa mwamphamvu kuposa kale.

Anyamatawo analidi okwiya, ndipo poyamba ankakuwa kuti, “Tsikani, bambo! Simukuona kuti pali maliro?” Koma ataona komwe njinga ikulowera, mawu anasintha: “Kulibe njira uko! Mlatho unapita ndi madzi!” M'makutu mwa alamu munali nyimbo, ndipo sanamve chilichonse.

Njirayo inkakhota kuseri kwa nthochi. Pamene panali kamlatho ka mitengo panali patatsala chigwembe chakuya kuposa msinkhu wa munthu, m'mbali mwake muli dothi lofiira logumuka. Anagwira mabuleki onse awiri. Mphira zake zinali zitadyeka kalekale, chigulireni njingayo sanazisinthe, ndipo dongo linali lonyowa ndi mame. Tayala lakumbuyo linaterera, lakutsogolo linalowa m'malere.

Atatsitsimuka anapeza ali chagada pamchenga, dzanja lamanja likukana kunyamuka. Fupa lapakati pa khosi ndi phewa linali litathyoka, ndipo pakhungu pankaoneka chotupa chosongoka. Chipewa chinang'ambika pakati, ndipo adokotala anadzanena pambuyo pake kuti chikanapanda chimenecho ukanang'ambika ndi mutu. Tayala lakutsogolo linali litapindika, masipoko ali balala. Foni inali itasweka galasi, yosayaka.

Pamwamba pa chigwembe panatulukira amuna, ena atanyamula makasu, miyendo ili matope okhaokha. Anali adzukulu, ochokera kumanda komwe ankakumba.

Chimene chinawaopsa alamu panthawiyo anthu a kum'mwera kuno sanachiiwale. Mu Seputembala ndi Okutobala 2017 kunabuka mphekesera za anamapopa, kuyambira ku Mulanje ndi Phalombe, kufalikira ku Thyolo, Chiradzulu mpaka mu Blantyre. Anthu osachepera 8 anaphedwa ndi magulu a anthu olusa powaganizira kuti amapopa magazi, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ku Mulanje ndi ku Phalombe. Kuphana kumeneko kunali kulakwa koopsa, ndipo palibe chimene chingakulungamitse. Koma kunaonetsa mmene mlendo wosadziwika komwe wachokera ndi chimene wadzera amakhalira pangozi pamudzi pakakhala mantha kapena chisoni. Tsono apa panali munthu wa magalasi akuda, wothawa atadutsa pamaliro, kumsana ali ndi chikwama chotuluka kapaipi.

Bambo wina wachikulire anatsetserekera m'chigwembemo, nagwada pambali pawo.

“Pepani, bambo. Mwachokera kuti?”

“Ku Chinyonga, ku Blantyre.”

“Nanga mukupita kwa yani?”

Alamu anasowa choyankha. Patapita kanthawi anati, “Ndimangoyenda.”

Anthu anayang'anana. Kumudzi munthu sangoyenda panjinga. Amapita kuchigayo, kuchipatala, kumsika, kwa apongozi, kukaona wodwala. Mnyamata wina anatsegula kachikwama kaja, ananunkhiza, anathira pansi, n'kunena kuti, “Ndi madzi.” Mkulu uja anapukusa mutu nati, “Chikhala chaka chija, bambo, sitikanafunsana mafunso onsewa.”

Atatero anawanyamula. Mayi wina anamasula chitenje chake n'kuwamangira dzanja pachifuwa. Anawakweza pa kaliyala wa njinga ya kabaza, wa khushoni, anyamata awiri akukankha, wina akuwagwira kumsana, mpaka kukafika pomwe galimoto imatha kufika. Atafunsidwa nambala ya foni ya kunyumba, alamu anapeza kuti pamtima amangodziwa yawo yokha. Manambala ena onse anali m'foni yakufayo.

Ku Chinyonga tiyi anazizira. Pofika masana achemwali anandiimbira akulira. Vuto linali lakuti sitinkadziwa koyambira: ku Chileka, ku Mpemba, ku Chigumula, ku Mapanga? Munthu anangoti akukawongola miyendo. Tinakafunsa kuchipatala cha Gulupu ngati alandirako wangozi ya njinga, tinakafunsa kupolisi. Uthenga unatipeza chakumadzulo, wochokera kuchipatala cha mishoni ku Nguludi, namwino wina ataimbira kuntchito kwawo pogwiritsa ntchito chiphaso chimene chinali m'thumba.

Chimene chinawapweteka alamu kuposa fupa anachimva pambuyo pake. Tsiku limenelo mwambo wa maliro unachedwa, chifukwa adzukulu anasiya manda osatha n'kukanyamula munthu amene anaponda masamba awo. Atachira tinapita limodzi kumudziko, titanyamula nkhuku ndi kachipepeso ka anamfedwa. Njinga tinaipeza itasungidwa bwinobwino kwa a nyakwawa, pampu ndi botolo zili pomwepo. Amfumuwo sanakalipe. Anati, “Safunsa anadya phula, bambo. Mukanangotsika n'kupereka moni, ngakhale mwana akanakuuzani za mlathowo. Ife tonse tikuzungulira kumtunda chichitikireni Freddy.”

Ine ndimaona kuti ambiri a ife a m'tauni amene tayamba kupalasa njinga pofuna thanzi tili ndi maganizo a alamu aja. Tikamva kuti njira ilibe galimoto timaiyesa yopanda mwini, malo ongotiyembekezera ife kuti tikapumeko Loweruka. Chonsecho kanjira kalikonse kamene tikuona pafoni kamadutsa pakhomo pa munthu, m'munda mwa munthu, pafupi ndi manda a anthu. Eni akewo ndi amene amadziwa pamene pagumuka, pamene pali agalu olusa, pamene anyamata osalongosoka amabisalira anthu. Ndi omwewonso amene adzakunyamule ukagwa, chifukwa ambulansi siifika m'chigwembe.

Amene amadziwadi njira za kunja kwa mzinda ndi anyamata a kabaza pasiteji, ndi azibambo amene amalawira usiku kukankha matumba a makala, mkaka kapena ndiwo zamasamba kuchokera ku Bvumbwe kubwera nazo ku Limbe. Kwa iwo njinga ndi khasu, ndipo njira iliyonse yachidule anaiyeza ndi miyendo yawo. Ukaima pasiteji n'kufunsa mwaulemu kuti, “Achimwene, njira iyi ikutuluka?” amakuuza zonse, mpaka pomwe pali wokonza njinga ngati chubu chabooka. Ena ukawapatsa kangachepe amakutsogolera. Ndalama imeneyo ndi yochepa poyerekeza ndi ya ekiselo ndi masabata okhala pakhomo dzanja lili m'nsalu.

Malo abwino opalasirako njinga alipo ndithu kuzungulira Blantyre, koma alionse ali ndi khomo lake lolowera. Minda ya tiyi ya ku Thyolo ndi yokongola zedi, misewu yake yadothi ndi yosamalidwa, ndipo chodutsamo ndi thirakitala ndi anthu othyola tiyi. Koma ndi malo a eni. Satemwa, esiteti imene anayambitsa Maclean Kay mu 1923, imalandira alendo, ndipo munthu amayamba wakaonekera kuofesi n'kumva kumene aloledwa kupita. Kungolowa m'munda wa tiyi uliwonse chifukwa waona njira ndi kudziputira mlandu ndi alonda. Ku Bvumbwe kuli Game Haven, komwe munthu amalipira n'kupalasa mkati mwa mpanda, mbidzi zikudya msipu chapafupi. Msewu wopita kumeneko, wodzera ku Chigumula, ndi wopapatiza, wokhotakhota, ndipo nyengo ya chiperoni chifunga chimatseka moti dalaivala amakuona atakufika kale. Ndi bwino kuikweza njingayo pagalimoto n'kukayambira komweko.

Kuphiri la Zomba, makilomita pafupifupi 65 kuchokera ku Blantyre, kuli misewu ya m'nkhalango yopita ku damu la Mulunguzi, mathithi a Williams ndi Chingwe's Hole. Kumeneko galimoto n'zochepa, koma malole onyamula matabwa amatulukira pakona mosayembekezereka, ndipo potsika phirilo moyo wa munthu umatsamira pa timphira tiwiri ta mabuleki. Michiru, kuseri kwa Chilomoni, ndi pafupi kwambiri ndipo pali ofesi ya oyang'anira nkhalango. Zaka zapitazi nkhalangoyo yalowedwa ndi odula mitengo ndi ootcha makala, ena a iwo okonzeka kumenyana, choncho si malo olowamo wekha. Pamalo opanda galimoto nthawi zambiri pamakhalanso popanda mboni, ndipo njinga ya magiya ndi foni yapamwamba zimaonekera patali. Za chitsetse cha msewu wa Chikwawa chotsikira ku Thabwa, chokhala ndi malole a shuga ochokera ku Nchalo, ndingoti wongoyamba kumene asachiyerekeze n'komwe.

Ndikudziwa kuti si aliyense angakwanitse kulipira pageti kapena kupeza galimoto yonyamulira njinga. Pamenepa ndiye pamandiwawa. Mzinda waukulu ngati Blantyre, wokhala ndi anthu ochuluka chonchi odalira njinga, unayenera kukhala ndi tinjira tapadera ta njinga m'mbali mwa misewu yake ikuluikulu, totchingidwa bwino kuti minibasi isamaimemo. Tikanathandiza wa BP wofuna thukuta, koma koposa tikanapulumutsa wa makala ndi wa kabaza amene sapuma Loweruka. Khonsolo ya mzinda ndi a Roads Authority akamakonza msewu aziwerengera anthu amenewa kuyambira pa pulani. Munthu wa ku Chinyonga asamachite kuthawira ku Chiradzulu kuti apalase njinga ola limodzi osaopa kufa.

Alamu anachira, ngakhale kuti phewalo limawakumbutsa kukazizira. Njinga anaikonzetsa, anaika tayala lina ndi mphira zatsopano, ndipo sanasiye kupalasa. BP yawo inatsika. Pakati pa sabata amazungulira m'misewu ya m'kati mwa Chinyonga ndi Kanjedza m'mamawa, galimoto zisanachuluke. Lamulungu lina amapita kutali ndi anzawo awiri a kutchalitchi, atavala malaya owala, ndipo asananyamuke amalemba papepala njira imene adzere ndi nthawi yobwerera n'kusiya pathebulo. M'thumba amayenda ndi kapepala kena ka manambala a foni a achemwali ndi anga. Timahedifoni anapatsa mwana wawo. Kumudzi kuja amapitako, ndipo tsopano akafunsidwa kuti akupita kwa yani ali ndi dzina lotchula.

Inu amene mwagula njinga chaka chino, kapena adokotala akuuzani mawu amene anauza alamu anga, pitani mukapalase, thupi likufunadi zimenezo. Koma musananyamuke finyani mabuleki muone ngati akugwira, valani chipewa, ndipo a kunyumba adziwe kumene mwalowera. Nyengo ya mvula ikangotha musakhulupirire mlatho umene simunauone ndi maso. Mukasiya phula chotsani za m'makutu, perekani moni, funsani njira pasiteji ya kabaza yoyamba imene muipeze. Mukaona masamba pamsewu, tsikani.